Magalimoto Atatu a Misheki

Lolemba m'mawa ndinali pakhonde kuno ku Kafue Estates, ndikulimbana ndi wailesi yanga imene imalankhula pokhapokha ukaimenya kumbuyo. Ndikudzutsa mutu, ndinaona mlongo wanga wamkulu akulowa pageti.

Amake Misheki sayenda m'mawa. Nthawi imeneyo amakhala ali pathebulo lawo ku Nangongwe, akuyala tinsomba touma ta kapenta, tomato ndi anyezi, kwinaku akukangana ndi aliyense wofuna mbasela, kowonjezera kaulere kaja. Ndiye kuwaona pakhomo panga dzuwa lisanatenthe, ndinaisiya wailesi ija. Ndinayamba kuganiza kuti kaya wamwalira ndani.

Mpando anaukana. Anakhala pa sitepe.

"Bashi Rute," anatero, pakuti ndimo mmene amandiitanira, kutanthauza bambo ake a Rute, "ndimwe ba malume bake. Muyende mukakambe na Misheki. Bantu baleka kugula pa tebulo panga."

Ndinafunsa kuti kapenta akugwirizana bwanji ndi Misheki.

"Bakamba ati analoba va Satana. Ati ndiye anapeleka batate bake kuti apeze mamotoka."

Atatero anatembenukira kukhoma, misozi ili chuchuchu. Mlongo wanga ameneyu sanalire chotere ngakhale pa maliro a mwamuna wake.

Ndikufotokozereni bwino, inu amene simuwadziwa anthu awa. Alamu anga anatisiya chaka chatha atadwala shuga kwa nthawi yaitali, Nangongwe yonse ikuona. Mwana wawo woyamba, Misheki, amagwira ntchito ya makompyuta pa ofesi ina ku Lusaka. Amapita m'mawa n'kubwera madzulo, ndipo Lamlungu amaimba kiyibodi kutchalitchi kwawo kwa chipentekosite. Mowa sakhudza. Munthu wake ndi uja amapepesa ngakhale pamene iwe ndiwe wamuponda.

Patapita miyezi ingapo chiikireni bambo ake, mnyamatayu anafika kwa mayi ake ndi galimoto yoyera yoyendera magetsi. Tsiku limenelo ndinalipo. Mlongo wanga anavula chitenge chapamwamba n'kuchiyala pansi kuti matayala apondepo. Nthungululu inamveka mpaka kunjanji. Abusa anaitanidwa, anapemphera, n'kudzoza mafuta pachiwongolero ndi pamatayala onse. Mayi wamasiye amene anthu ankamumvera chisoni anasanduka mayi wa munthu wagalimoto, ndipo kayendedwe kake kanasintha.

Vuto linayamba pamene Misheki anabwera ndi ina yofiira. Anthu anati mwina yoyera ija ili ku garaji. Kenaka anabwera ndi yachitatu, yotuwa, yaikulu kuposa zinzake.

Apa ndiye Nangongwe inayamba kuwerenga zizindikiro.

Ndani anamuonapo Misheki ali pa filing'i sitesheni? Palibe. Anyamata otsuka magalimoto anatsegula boneti kuti apukute injini, n'kupeza mulibe injini, muli kabokosi ndi chingwe. Nkhani imeneyo inafika kumsika iwo asanatsanule n'komwe madzi m'ndowa. Ndiponso galimotoyo siilira. Mayi wina woyandikana ndi mlongo wanga, amake Joyisi, akuti ankasesa panja, potembenuka n'kuipeza yaima kumbuyo kwake ngati yatuluka pansi. Anakoka mwana wake n'kukadzitsekera m'nyumba.

Galimoto yosamwa mafuta, yopanda injini, yopanda mawu, yosintha mtundu, yobwera pambuyo pa maliro. Mukufuna umboni winanso wotani?

Musaseke. Inenso amene ndikulemba pano, ndi kusukulu konse ndinapitako, ndinkati ndikaona mtundu watsopano ndinkadzifunsa kuti kodi makompyuta amalipira chotere? Kungoti ine ndinkafunsa chamumtima.

Lachiwiri madzulo, dzuwa likadalipo, ndinapita kwa Misheki. Amachita lendi kanyumba kuno ku Estates komweko. Ndinapeza galimoto yotuwa ija itaima pafupi ndi zenera, chingwe chitatuluka m'nyumba n'kukalowa m'nthiti mwake. Inkayamwa magetsi ngati foni.

Sindinazungulire. Ndinamuuza zimene mayi ake anandiuza, mawu ake omwewo.

Mnyamatayo anakhala pansi pomwepo, pa udzu. Anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Ba ankolo, ine kupeleka ba dadi? Ine wamene nenze kubasambika mu chipatala?"

Ndinati ine sindinabwere kudzamuweruza. Ndinangofuna kudziwa kumene kukuchokera magalimoto atatu.

"Palibe motoka yanga apa, ba ankolo. Olo imozi. Ni ya kampani ya ku Lusaka. Nimalipila pa mwezi, monga mwamene mumalipilila machanelo ya pa TV. Inshuwalansi ni yao, sevisi ni yao, matayala ni yao. Ukafuna inangu, ubweza iyi, bakupasa inangu. Yoyela ija batire yenze ing'ono, nenze kufika kuno mutima uli m'mwamba. Yofiila banaiitanisa ku sevisi. Ndiye iyi."

Ndinamuyang'ana. Nkhani yonse imene yaphetsa malonda a mayi ake inali yomweyi basi.

Ndinamufunsa kuti nanga bwanji sanawauze mayi ake tsiku loyamba lomwelo.

"Munaona mwamene ba mami banavinila. Chitenge pansi, ba pasita bafika, bantu bazula pa yadi. Nenze kuyambila pati? Ninakamba ati nizabauza mailo, kukacha. Mailo yaja ndiye yano."

Mbewa yamanyazi inafera kuuna, akulu ananena. Koma sindinathe kumukalipira. Ndani wa ife angaimitse mayi ake pakati pa nthungululu n'kunena kuti amayi, tolani chitenge chanu, chinthuchi n'cha eni?

Pobwerera kunyumba ndinayenda wapansi, ndipo m'mutu mwanga munabwera galimoto ina ya kalekale.

Inu amene munakulira ku Nangongwe nthawi imene fakitale ya nsalu inkalira, mwina mukuwakumbuka Ba Hamoonga, amene ankakonza makina kumeneko. Anali ndi kavaneti kobiriwira kamene tonse tinkakatchula kuti Tikankheni. Dzinalo sanapereke ndi iwo. Tinapereka ndife okankhafe.

Tikankheni sanabwere tsiku limodzi. Poyamba linabwera thupi lokha, likukokedwa ndi thirakitala kuchokera ku famu ina ya ku Shimabala, nkhuku zitaikiramo kale mazira. Linakhala pamiyala dzinja lathunthu. Kenaka inabwera injini, itakulungidwa m'masaka. Zitseko zinabwera chimodzichimodzi, china chamtundu wina. Tonse tinkadziwa kuti Ba Hamoonga asiya mowa chifukwa cha galimotoyo, ndiponso kuti zitumbuwa za akazi awo ndizo zagula matayala akumbuyo. Tsiku limene injini inatsokomola koyamba, mzere wathu wonse wa nyumba unatuluka panja. Amuna akuluakulu ankakumbatirana ngati timu yathu yagoletsa.

M'mawa uliwonse inali ntchito yathu. Ba Hamoonga ankasuzumira pazenera n'kufuula kuti, "Bane, tiyeni!" Aphunzitsi ovala tayi, azimayi ochokera kumpopi, ife achinyamata, tonse mapewa pagalimoto mpaka pokatsetsereka. Ikalira, utsi wakuda unkatsalira kumaso kwathu, ife n'kumaombera m'manja ngati tapatsidwa mphatso.

Galimoto imeneyo inanyamula odwala, akwati, mabokosi a maliro, nsomba za kumtsinje ndi makala. Mkazi wanga anakwera kumbuyo kwake popita kukachira mwana wathu woyamba, atakhala pa thumba la chimanga. Kukagwa mvula, wokhala kutsogolo ankatulutsa dzanja n'kumapukuta galasi ndi nsanza. Mwini wake atayamba kutsimphina ndi bondo, nayonso inayamba kupendekera mbali yomweyo. Anakalamba pamodzi, ife tikuona.

Ndinamvapo anthu akuwanena Ba Hamoonga kuti ndi aliuma, kuti ndi amkamwa. Koma sindinamvepo ndi tsiku limodzi lomwe wina akunena kuti galimoto yawo ndi ya mankhwala. Akanayambira pati, pamene girisi wake anali pa thalauza la aliyense?

Ndimaisowa nthawi imeneyo. Ndikunena mosabisa, ndimaisowa kwambiri.

Komatu ndisakunamizeni kuti zonse zinali uchi. Tikankheni ankanunkha. Ankatichedwetsa kulikonse. Tsiku lina anatifera pakati pa mlatho tikuperekeza mkwatibwi, mtsikana wa eni n'kutsika ndi diresi lake loyera kudzathandiza kukankha. Ndikanakhala kuti ndikusankha galimoto yonditengera kuchipatala lero, sindikanasankha iye.

Chimene ndimasowa si utsi. Ndi kudziwa. Kale chuma cha munthu chinkakula pamaso pathu ngati mwana, ndipo mwana amene wamuona akukwawa sumuopa akayamba kuthamanga.

Tsopano tamvani zimene opanga magalimoto akutikonzera. Ana athu amationetsa pa mafoni. Batire yonse aiyala pansi pa mipando, kutsogolo n'kusiya malo oikamo chikwama. Ena akupanga zoyendera mpweya wotchedwa haidirojeni, zimene kumbuyo sizitulutsa utsi koma timadontho ta madzi. Imeneyo sindinaionepo ndi maso, ndipo sindikudziwa kumene munthu angakaithire mpweyawo kuno kwathu. Koma tangoganizani tsiku limene idzaime pamsika wa ku Nangongwe n'kuyamba kudontha madzi oyera. Amake Joyisi adzasamuka.

Ndipo akuti m'tsogolo muno ambiri sadzagulanso galimoto. Adzangolipira pa mwezi, kukwera, kubweza, kutenga ina. Chakudza sichiyimba ng'oma, ndipo ichi ndiye chikubwera mwakachetechete zenizeni.

Kodi ndi zoipa? Ine sindikutero. Misheki sagona pansi pa galimoto Loweruka ngati Ba Hamoonga. Mafuta akakwera mtengo iye amangomva pa wailesi. Chimene chimamudetsa nkhawa ndi magetsi akazima, ndipo pamenepo ndiye tonse a ku Kafue timafanana, ife okhala m'mbali mwa mtsinje wopangira magetsi koma tikudyera kandulo. Kwa mnyamata woyenda msewu wa ku Lusaka tsiku ndi tsiku, nzeru imeneyi ili ndi mutu.

Kungoti amene anaiganiza sanakhalepo ku Nangongwe. Kwa iwo galimoto ndi chinthu chokufikitsa kumene ukupita. Kwa ife galimoto ndi umboni. Ikaima pakhomo imauza anthu kuti mwana wa pano anaphunzira, anapirira, anasunga. Mayi amaima pambali pake ngati mlimi pambali pa nkhokwe. Ndiye mukatibweretsera umboni wobwereka, wosintha mtundu nyengo ndi nyengo, mukuganiza kuti tiuwerenga bwanji?

Ndipo ifenso tili ndi matenda athu. Chimene sitikuchimvetsa sitifunsa mwini wake. Timafunsana tokhatokha kumpopi, aliyense n'kuwonjezera kamchere. Pa anthu onse amene anasiya kugula kapenta wa mlongo wanga, ndi angati anamuimitsa Misheki n'kumufunsa kuti mwanawe, injini ya galimoto yako ili kuti? Akanawaonetsa. Mwana uja amaonetsa aliyense chilichonse.

Lachinayi ine ndi Misheki tinapita limodzi kwa mayi ake. Galimoto tinaisiya, tinakwera minibasi. Ndinaona kuti ndi bwino nkhaniyi ikambidwe chinthucho chisali pakhomo.

Misheki anakana mpando, anakhala pansi pafupi ndi miyendo ya mayi ake. Anafotokoza zonse monga anandifotokozera ine, koma mawu ankatuluka movutika. Mlongo wanga anamvetsera osaphethira. Ine ndinkayembekeza kuti apuma mpweya wa chimwemwe, pakuti mwana wake si wa Satana.



"Yoyamba ija, yoyela," anafunsa, "ili kuti manje?"

"Ili na muntu winangu, ba mami. Siniziba ni ndani."

"Na mapempelo ya ba pasita yanayenda nayo?"

Ine kukhosi kunabwera kaphwete, koma nditaona nkhope yake ndinakameza. Sankaseka ayi.

"So ulibe motoka."

"Nilibe, ba mami."

"Olo tayala."

"Olo tayala."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenaka anatambasula dzanja n'kuligoneka pamutu pa mwana wake, monga ankachitira ali wamng'ono akadwala malungo. Misheki analira ngati kamwana, munthu wandevu zake.

Apa ndipo panali povuta. Kuti dzina la mnyamatayu liyere ndi kuti thebulo liyambenso kuyenda, anthu anayenera kumva zoona. Koma zoonazo zinali zomuvula mlongo wanga ulemu wokhawo umene anaupeza chimwalirireni mwamuna wake. Ndinapereka nzeru yanga ya umalume. Ndinati ndilankhula mwakachetechete ndi abusa ndi akuluakulu awiri atatu, nkhani idzayenda yokha, iye asadzivutitse.

"Awe," anatero. "Nine ninaimba ntungululu. Nine nizakamba."

Lachisanu m'mawa ndinapita kumsika, ndinaima chapatali ngati ndikusankha mbatata. Mlongo wanga anayala katundu wake monga mwa masiku onse. Anthu ankadutsa thebulo lake ngati pali dzenje. Atatha kuunjika tomato, anapukuta manja, anaimirira, n'kukweza mawu aja amene amaitanira makasitomala.

"Imwe bonse mvelani! Mwana wanga Misheki alibe motoka! Zonse zija zitatu ni za kampani, amalipila pa mwezi monga nyumba ya lendi! Injini mulibe chifukwa iyendela malaiti! Batate bake banafa na shuga, munabaona mweka! Wamene afuna kufunsa abwele afunse ine!"

Msika unati zii. Ngakhale wogaya nyama wa pamsikapo anazimitsa makina ake.

Kenaka mayi wina wogulitsa makala anaseka. "Aaa, kanshi ni yobweleka chabe?"

Basi, chinamasuka. Kuseka kunayenda thebulo ndi thebulo. Sikunali kuseka kwachipongwe kwenikweni ayi. Kunali kuseka kwa anthu amene atula katundu. Wina anati iye ankadziwa kale. Wina anati ana a masiku ano ndi ochenjera. Bambo wina anafunsa ngati kampaniyo ili ndi mavaneti. Woyamba kufika pathebulo anali amake Joyisi, mbale ili m'manja.

"Amake Misheki, nipimileni kapenta. Mwenze kutiyofya, mwandi. Kanshi mwana wanu ali chabe monga batu."

Mlongo wanga anamupimira, n'kuikapo mbasela.

Dzuwa lisanapendeke thebulo linali mbee. Tomato yense, anyezi yense, kapenta mpaka fumbi lake. Anthu amene sabata yatha ankawoloka msewu pomuona ankamugwira paphewa, kumufunsa za miyendo yake, kumuuza kuti asamaganize kwambiri.

Ndinamunyamulira beseni popita kunyumba. Ndinali wokondwa, ndipo ndinamuuza kuti waona, zatheka, dzina la mwana layera, malonda abwerera. Iye ankangoyenda, maso ali pansi. Titafika pakhomo anakhala pa sitepe n'kuvula nsapato.

"Bagula vonse lelo," anatero.

Ndinati inde, tithokoze Mulungu.

"Bashi Rute, pamene benze kuganiza ati mwana wanga ali na vintu, banamuita mfwiti. Lelo bamvela ati alibe kantu, banikonda futi." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenge. "Manje nizipempela chani? Kuti akapeze, olo kuti asakapeze?"

Ndayenda nalo funsoli masiku onsewa, ndipo yankho ndilibe.

Ndiye ndikulisiya kwa inu, anansi anzanga a ku Nangongwe, a ku Estates ndi a ku Shimabala, inu amene munagula kapenta Lachisanu ndi mtima wopepuka. Tsiku limene Misheki adzagule yakeyake ndi thukuta lake, mayi ake adzaimirire pamsika n'kunena chiyani kuti mubwererenso?